Agalu a Meeka

M'mawa wa Lolemba, Meeka Ittusaq anatuluka ndi chidebe cha nsomba kukadyetsa agalu ake okoka chileyi. Palibe amene anauwa. Onse anali gone pa chipale chofewa, thovu kukamwa, atauma gwa. Pambali pawo panali nyama yonyikidwa m'mankhwala a injini.

Sanalire. Anayang'ana mapazi a jombo pa chipalepo. Lakumanzere linkakhwekhwereza. M'mudzi wonse wa Qarlik woyenda chotero anali mmodzi: Tagak, mwamuna amene Meeka anamusiya atatopa ndi zibakera zake.

Anathamangira kwa wapolisi wa m'mudzimo, Konstabulo Nauya.

"Mwachedwa, achemwali," anatero Nauya. "Tagak wakwera ndege ya 8 koloko yopita ku Sanirvik. Akatsika kumeneko akwera yaikulu ya kummwera, basi watithawa."

"Imbirani anzanu akamugwire!"

"Ndayesa. Mphepo yagwetsa mlongoti wa foni."

Kuchokera ku Qarlik kukafika ku Sanirvik ndi makilomita 600, maola awiri m'mwamba. Msewu kulibe. Meeka anakatenga mfuti ya malemu bambo ake, n'kukakhala pabwalo la ndege, maso ali kumwamba, osadziwanso chimene akudikira.

Cha m'ma 11, mayi wa pa wailesi ya bwalolo, yolankhulira ndi ndege zokha, anatuluka akuthamanga.

"Chifunga chatseka Sanirvik! Ndege yalephera kutera, ikubwerera kuno!"

Mbiri inawanda ngati moto. Mudzi wonse unakhamukira kubwalo. Nauya anafika n'kutambasula dzanja.

"Bweretsani mfutiyo."

"Agalu aja ndinawalera m'jekete mwanga muno, bwana."

"Ndikudziwa. Koma mukawomba, womangidwa ndinu. Mukufuna Tagak akusekeni?"

Meeka anaipereka, mano ali kukutu.

Tagak anali atapapira kachasu asanakwere, ndipo anagona ulendo wonse. Ndege itatera anadzuka, n'kudziwongola, n'kutsika akumwetulira ngati munthu wafika kwatsopano. Atakweza maso anaona tchalitchi cha kwawo. Kenako anaona Meeka.

"Wayenda bwanji, iwe?" anafunsa Meeka. "Kummwera kukutentha?"

Anthu anafa nalo phwete. Tagak anatembenuka kuti abwerere m'ndege, koma woyendetsa anali atatseka kale chitseko. Unyolo unalira m'manja. Magolovesi ake ankanunkhabe mankhwala aja.

"Ndege yokutengera ku khoti ibwera chifunga chikatha," anatero Nauya pomutsekera m'chitolokosi. "Mwina mawa, mwina sabata yamawa."

"Nanga ndidya chiyani?"

"Usadandaule. Wophikira akaidi kuno ndi Meeka."

Madzulo Meeka anabwera ndi mbale ya nyama, yofuka nthunzi. Anaiika pansi mwaulemu wonse.

"Idya, mwamuna wanga wakale. Ndaikamo zonse."

Munalibe mankhwala, koma mchere wokha. Chifunga chinakhala mpaka Loweruka, ndipo Tagak sanakhudze mbale ngakhale imodzi.