Mlongo, Mukundimva?

Nachete anaweruka mochedwa tsiku limenelo. Kuhotela komwe ankachapa ndi kusita kunali ukwati mawa lake, ndiye abwana anangolamula kuti palibe wochoka mpaka nsalu zonse za pamatebulo zitasitidwa. Pomwe ankazimitsa simbi, msana uli wowawa ngati wasenza matumba a simenti, minibasi yomaliza inali itapita kalekale. Anamanga mpango, n'kuuyamba wapansi.

Dzina limeneli sanabadwe nalo. Anam'patsa ndi anzake ochokera dziko limodzi, chifukwa mayiyu akakhala pamsewu sankatsegula pakamwa. Ndipo musamuseke! M'dziko la eni ake, chimene chimakugulitsa ndi lilime. Zovala ungagule zofanana ndi zawo, kayendedwe ungatengere, koma ukangoti "aa" m'chiyankhulo cha kwanu, basi zako zada. Mawa mwininyumba akuti chipinda achifuna, mkuja kusukulu akufunsa mapepala a mwana. Nachete mapepala analibe. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, chipinda chimodzi chokhala ndi loko, ndi pakamwa potseka. Aneba ankangomuyesa munthu wakonkuno wamanyazi, ndipo iye ankafuna zikhale choncho mpaka mwanayo amalize sukulu.

Anadutsa mashopu otseka ndi zitsulo, anawoloka njanji, n'kufika pamlatho wakale wopita kudera lawo. Magetsi a pamlathopo anafa kalekale. Kutsidya ankaona moto wa m'mgolo, pomwe anyamata a m'deralo ankachezera usiku uliwonse, anyamata opanda ntchito ina koma kununkhiza alendo. Nachete ankawadutsa nthawi zonse maso ali pansi.

Ali pakati pa mlatho, anamva mawu.

"Mlongo..."

Mtima unati phaa! Chinali chiyankhulo cha kwawo, ndipo katchulidwe kake kanali ka kumudzi kwenikweni, kamene anakamva komaliza pakamwa pa malemu bambo ake. Anaponya diso pambali. Munthu wamwamuna anali atakhala pansi, atatsamira zitsulo za mlatho, dzanja lili pa nthiti. Nsapato anavala imodzi.

"Mlongo, mukundimva?"

Nachete anayang'ana kutsogolo, nawonjezera liwiro. Manyazi anamugwira, inde, koma mantha anaposa. Anyamata aja sanali patali, ndipo usiku mawu amayenda.

Kumbuyo kunamveka mapazi. Kho... phwa. Kho... phwa. Nsapato, phazi. Nsapato, phazi.

"Kodi moto uja wazima kumsika? Shopu yanga yatha kupsa?"

Moto uti? Kumsika anadutsako masana, kunalibe ngakhale utsi. Nachete anawonjezeranso liwiro. Mlathowo ankaudziwa, unali waufupi. Nanga bwanji sukutha?

Kho... phwa.

"Akwathu adutsa ambiri usiku uno. Onse agontha."

Mawuwo tsopano anali pakhutu penipeni. Kuzizira kunamulowa m'khosi. Mpweya wa munthu sanaumve.

"Sindikupempha kanthu, mlongo. Madzi ayi. Chipatala ayi. Mungondiyankha basi."

Nachete anaima. Anadziuza kuti asatembenuke, aganize za mwana. Koma anatembenuka.

Mayo! Nkhope inali yotupa mbali imodzi, diso litatsekeka. Malaya onse anali bii ndi magazi. Anali mnyamata ndithu, msinkhu wa mlongo wake wamng'ono amene anamusiya kumudzi. Milomo yake inkanjenjemera ngati ya mwana wotayika pamsika.

"Mukundimva?"

Chinachake chinaduka m'chifuwa mwa Nachete. Pakamwa paja anapatseka zaka zonsezi panatseguka pokha.

"Ndikukumvani, achimwene! Ndikukumvani! Wakupangani zimenezi ndani?"

Anakuwa, osati kunong'ona, mawu ake n'kumveka mpaka kutsidya. Anagwira dzanja la munthuyo. Linali lozizira ngati chitsulo cha mlathowo. Anatembenukira kumoto kuja n'kukuwanso kuti anthu athandize, munthu akufa kuno, osazindikira n'komwe kuti akukuwa m'chiyankhulo cha kwawo.

"Eya," anatero munthuyo motsitsa, ngati wotula katundu. "Ndiye ndigoneko."

Nachete atabweza maso, m'manja mwake munalibe kanthu. Pansi panalibe munthu. Magazi... ngakhale dontho!

Anathamanga. Anyamata aja anali ataimirira onse, koma palibe anaponda pamlatho. Anamupatukira, maso ali tong'o. Atangowadutsa, mmodzi anayankhula m'chiyankhulo chawo, mosakweza mawu n'komwe: "Kani ndi mmodzi wa iwo? Amakhala kuseri kwa butchala uyu."

Sanapite kuchipinda chake. Anakagogoda kwa bambo wina wosoka nsapato, wakwawo, amene anakhalitsa m'dzikolo ndipo alendo onse ankamutchula kuti amalume. Bamboyo anatsegula ali ndi tochi m'manja, namukokera m'kati msanga.

"Amalume, pamlatho pali munthu wakwathu, am'vulaza! Ndinamugwira dzanja, kenaka sindikudziwa, mwina wagwera m'madzi. Tiyeni tikamufune!"

Bamboyo sanasunthe.

"Wa nsapato imodzi?"

Nachete anangogwedeza mutu.

"Khala pansi, mwana wanga." Bamboyo anakhala pabenchi lake losokerapo. "Ameneyo sitingamupeze. Ankagulitsa mafoni kumsika. Chaka chimene ankathamangitsa alendo, iwe usanabwere n'komwe, anamuwotchera shopu, n'kumumenyera pamlatho pomwepo. Sanafe msanga. Anagona pamenepo usiku wonse akuitana m'chiyankhulo chathu, akwathu akudutsa ndi mitolo pamutu, aliyense akunamizira kuti sakumva. Kunacha atauma. Tinamuika kumanda a boma, zaka zambiri zapitazo."

Nachete anayang'ana dzanja lake. Linali lisanafundebe.

"Ambiri amumva pamlatho paja," anapitiriza bamboyo. "Amangodutsa. Iwenso sunamuyankhe, eti?"

"Ndamuyankha, amalume."

Bamboyo anatseka maso. Misozi inatsika m'masaya, osaipukuta.

"Mokweza?"

"Mokweza."

"Anyamata a pamgolo analipo?"

"Analipo. Akudziwa pomwe ndimakhala."

Bamboyo anadzuka pang'onopang'ono, nasuzumira pansi pa bedi, natulutsa chikwama chachikulu chansalu, n'kuchikuntha fumbi.

"Wachita chimene tonsefe chinatikanika. Mulungu akuona," anatero, akumupatsa chikwamacho. "Tsopano pita ukadzutse mwana. Usayatse nyali. Kukamacha musapezeke kuno."