Kambale ka Tizibowo Tinayi

Kambale ka siliva kanada usiku umodzi wokha. Madzulo Mayi Lucille Thibodeau anakapukuta mpaka kumadzionerapo nkhope, koma m'mawa anakapeza pa tebulo kali bii ngati kunsi kwa poto, chonsecho masupuni oyandikana nako ali mbee.

Kuno kutauni ya Meriden munthu sangatinamize za siliva. Makolo athu anakalambira m'mafakitale okutira siliva pa ziwiya za mkuwa, ndipo ngakhale mafakitalewo anatseka kalekale, tonse timadziwa kuti siliva amada pang'onopang'ono, pa miyezi. Mayi Thibodeau, amene bambo awo ankagwira ntchito imeneyi, ankadziwa koposa. Kambaleko anakapeza m'chipinda cha kudenga, m'katundu wa malemu amuna awo. Kanali kakakulu ngati chikhatho, kozokotedwa maluwa m'mbali, kali ndi tizibowo tinayi m'ngodya. Iwo anangoti n'koikapo batala.

Anakapukutanso, nakagona. Kunja chisanu chinali chitakwirira msewu wonse, moti ngakhale galimoto sinkamveka, ndipo nyumba inali zii, kupatula mapaipi otenthetsera m'nyumba amene ankabuula mwa apo ndi apo. Pakati pa usiku anamva kugogoda kuchipinda chodyera. Sikunali kugogoda kwa mlendo pakhomo. Kunali kwapansipansi, kosafulumira, ngati munthu akukhoma msomali waung'ono pa thabwa: kho, kho, kho, kho. Kutacha, kambale kali bii, m'chipindamo muli kafungo koipa.

Mwana wawo Curtis, amene anali ndi kiyi wa nyumbayo, anapukusa mutu mwachisoni chochita kupanga.

"Amayi, mwina simunapukute n'komwe. Mukungoganiza kuti munapukuta."

"Manja awa ndi ako?"

"Zaka zapita, amayi. Kunyumba yosungira okalamba kuja kuli chipinda chabwino, zenera lake loyang'ana kumtsinje."

"Ukakhalemo iweyo, poti waukonda mtsinjewo."

Nkhani inawanda mumsewu mwathu. Ena ankati ndi malemu Thibodeau akulondola katundu wawo, ena ankati mutu wa mayiwo wayamba kutayikira, ndipo panali amene ankanong'ona kuti Curtis anamuona akuzungulira nyumbayo ndi munthu wogulitsa nyumba. Kugogoda kunkabwera usiku uliwonse, kambale n'kumada m'mawa uliwonse. Mayiwo mantha anali nawo ndithu, koma osati a mzukwa. Ankaopa kuti mwina mwana wawo akunena zoona, ndipo adzawatulutsa m'nyumba imene anaberekeramo ana awo onse.

Anaitana Bambo Stanley Wojcik, nkhalamba imene inkazokota mayina pa siliva m'fakitale. Anatembenuza kambaleko, nayang'ana kuseri kwake ndi galasi lokulitsa zinthu.

"Chidindo ichi ndi cha kafakitale kamene kanali kutsidya kwa njanji. Kanatseka agogo anga asanatsike m'sitima yowabweretsa m'dziko muno. Mwaona mofiiramu? Ndi mkuwa umenewo, siliva watha n'kupukuta kwanuku. Musiye, Lucille, mukapha."

"Chabwino, n'kakale. Nanga n'kachiyani? Batala?"

Bambo Wojcik anakaika pansi mofulumira, napukuta zala pa jekete.

"Mbale ya batala ikhale ndi zibowo?" ananong'ona. "Izi ndi za misomali. Opanga masupuni ankapanganso timeneti. Ankalembapo dzina la womwalira n'kukhoma pa bokosi la maliro. Asanatsitse bokosi, achibale ankazula n'kusunga."

"Dzina lake lili kuti?"

"Palibe. Sikanalembedwepo. Kanagulidwa, koma mwini wake sanapezeke."

Mayi Thibodeau anakatola, nakanunkhiza bwinobwino, ndipo apa m'pamene kafungo kaja anakazindikira. Mayi awo ankawamenya padzanja akaona supuni ya siliva yalowa m'dzira, poti dzira limadetsa siliva.

Usiku umenewo sanagone. Anakhala pa mpando kuseri kwa chitseko cha khitchini, magetsi onse atathimitsa, ndodo ya malemu amuna awo ili pamiyendo. Mdima unali wa ndiweyani. Wotchi ya pakhoma inkangodya nthawi, mawondo akuwawa ndi kuzizira, mpaka anamva kiyi akutembenuka pang'onopang'ono pakhomo lakumbuyo. Mthunzi unalowa monyang'ama, unaima pa tebulo, ndipo kunamveka kuphwanyika kwa chikamba cha dzira.

Anayatsa magetsi. Curtis anali chilili, masokosi okha kumapazi, zala zili noninoni ndi dzira lowiritsa, akulipaka pa kambale.

"Mwana wopanda manyazi iwe! Ndinakuyamwitsa kuti udzandichititse misala?"

"Amayi, n'chifukwa cha inu nomwe. Masitepe awa tsiku lina adzakuphani."

"Adzandipha masitepe anga, m'nyumba mwanga. Nanga nyundo waibisa kuti?"

"Nyundo yanji?"

"Imene umagogodera usiku."

Curtis anawayang'ana, kukamwa kuli yasa.

"Ine kugogoda? Ndimavula ndi nsapato zomwe kuti musandimve."

Ndiye pa tebulo pomwepo, pakati pa awiriwo, magetsi akuwala, popanda dzanja la munthu, panamveka kho, kho, kho, kho.

Chimwamuna chonse chija chinatulukira pakhomo ngati mphaka wothiridwa madzi, n'kuthamanga pa chisanu ndi masokosi. Nsapato ndi kiyi zinatsala. Mayi Thibodeau sanasunthe. Analoza kambaleko ndi ndodo.

"Nawenso wayamba kundithamangitsa? Ima pamzere, mnzako wathawa uyo."

M'mawa anapita nako kwa Bambo Wojcik.

"Lembanipo dzina langa."

"Lucille, mwapenga? Mukudziitanira tsoka."

"Tsoka ndinabereka ndekha, lathawa lopanda nsapato. Lembani, Stanley, manja asananjenjemere."

Nkhalambayo inalemba uku ikupemphera chamumtima. Masana omwewo tonse a mumsewu tinawaona Mayi Thibodeau ataima pakhonde, nyundo ili m'manja, akukhoma kambaleko pa chitseko chakumaso, msomali pa kabowo kalikonse. Atamaliza anatembenuka n'kutiyang'ana ife amene tinkasuzumira m'mazenera.

"Kankafuna dzina, ndakapatsa. Kankafuna thabwa, ndakapatsa. Bokosi langa ndi nyumba ino, ndipo wodzanditulutsamo adzachite kundinyamula!"

Nyumbayo sinagulitsidwe. Curtis amabwera Lamlungu lokha, masana, ndipo amaimba belu. Kugogoda kuja sikunathe, kungoti masiku ano kumamvekera panja, pa chitseko. Mayi Thibodeau akuti akakumva amangokoka bulangete n'kukuwa kuti, "Sindinakonzeke!"