Makapu Awiri m'Chipinda Chapakona

Basi yomaliza inawasiya bambo ndi mwana wawo wamkazi akuyang'anabe nyanja. Mwana wamkaziyo sanadandaule kwenikweni. Anabwera ndi bambo ake paulendo wa tsiku limodzi, nyengo yotentha, kudzaona hotela yakale imene bambowo anagonamo ndi mkazi wawo, malemu mayi ake, atangokwatirana. Chaka chathunthu bambowo sankamuzindikira chifukwa cha matenda oiwalaiwala. Ankamutcha "anamwino", mwaulemu wonse, ndipo ulemuwo ndi umene unkamulasa mtima. Iye ankangofuna kumva, kamodzi kokha, dzina limene ankamuseka nalo ali mwana: Kamphuno.

Tsikulo linapita pachabe. Bambowo maboti anawaona, ayisikilimu anadya mpaka kudonthezera malaya, koma maso awo anali kutali.

Mayi wolandira alendo, wokalamba ngati masitepe a hotelayo, anapatsa bambowo chipinda chapakona, mwanayo choyandikana nacho. Kenako analowetsa tiyi kwa bambowo. Makapu awiri.

"Ine sindimwa tiyi madzulo, mayi," anatero mwanayo.

"Si wanu, mwanangu. Amene anagonapo muno ali akwati timawaikira awiri."

"Amayi anamwalira."

"Ife sitifunsa zimenezo."

Tulo sitinabwere. Magetsi atazimitsidwa, mwanayo anamva mapazi pamatabwa a mumpita. Pang'onopang'ono. Phazi limodzi likukhwekhwereza, monga ankayendera munthu wina amene iye anamusambitsa yekha tsiku la maliro. Mapaziwo anadutsa pakhomo pake. Chitseko cha bambo ake chinatseguka popanda kugogoda.

Zii.

Kenako supuni m'kapu. Kutakasa katatu, kugogoda kawiri pamlomo wa kapu. Kutakasa kumeneko anakulira nako.

Ndiye bambo ake anaseka. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene kunatha m'nyumba mwawo kalekale.

Anadzuka, nafika pachitseko chawo, nagwira chotsegulira. Mantha analipo, chilakolako choona nkhope ija chinaliponso. Koma mwana woleredwa bwino salowa kuchipinda kwa makolo. Anakhala pansi pomwepo, misozi ili chuchuchu, mpaka tulo tinamuba.

Kutacha anawapeza bambo ake pakhonde. Mabatani a malaya awo anali omanga mpaka pakhosi, chonsecho manja awo onjenjemera anasiya kalekale kugwira batani. Pamene panadonthera ayisikilimu panali pochapa, pakadali ponyowa.

Anamuyang'ana bwinobwino, monga kale.

"Kamphuno, wadzuka? Amako akuti waonda. Uzidya."

Mayi wolandira alendo anatulutsa makapu aja, onse opanda kanthu. Mtsikana wokolopa anayamba kunong'ona kuti chipinda chimenecho chimatero, koma mayiyo anangomuyang'ana, iye n'kupitiriza kukolopa.

Basi itangokhota, nyanja n'kubisika, bambowo anamukodola.

"Pepani anamwino, kodi tikupita kuti?"

"Kunyumba, ababa."

Anawakonzera kolala. Kenako anatulutsa buledi wadzulo m'chikwama, nadya yense, osasiya ngakhale nyenyeswa.