Nyama Imene a Imelda Anakana

Tiyanjane ankaanula zovala za amayi ake dzuwa likupendeka pamene anamva mfuu kukhola la a Vitus. Iye anali namwino pa kachipatala kena cha ku Kachebere kuno, ndipo Lachisanu lililonse ankabwera kudzaona amayi akewo, a Imelda. Atathamangira kukholako anapeza ng'ombe yaikulu ili gada, mimba ili tuu, magazi akuda ngati oyilo akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo. Magaziwo sankauma.

"Imeneyi musadye, malume. Ikwirireni," anatero Tiyanjane.

"Tikwirire ng'ombe? Ndi munthu kodi?" anayankha a Vitus, anthu n'kuseka.

Kwathu kuno ng'ombe ikafa, nkhope zimalira koma mipeni imakhala itanoledwa kale. Enoki, katswiri wosenda, anagwira ntchito yake, ndipo khomo lililonse linalandira nthuli. Yotsala anaiwamba pamoto. A Imelda okha ndiwo anabweza mbale yawo, poti inali nyengo ya Lenti ndipo analumbira kutchalitchi kuti salawa nyama mpaka Pasaka.

Patapita masiku anayi, Enoki anabwera kuchipatala atakulunga mkono m'chitenje. Tiyanjane atamasula anapeza chilonda chozungulira, pakati pake pali bii ngati khala, m'mbali muli timatuza ta madzi. Mkono wonse unali utatupa mpaka m'khwapa, momwe munali mwanabele wamkulu ngati dzira. Mafinya panalibe. Anadina ndi chala.

"Zikupweteka?"

"Ayi, adokotala. N'chimene chikundiopsa. Moto wanji wowotcha munthu osamva?"

Tiyanjane anadziwa kuti ndi anthalakisi, nthenda yochokera ku ziweto, ndipo anamupatsa mapilisi. Koma kumudzi nkhani inali itafika kale pena. Ankati pali mfiti imene ikuyenda ndi phale la makala, kumazimitsira pakhungu la anthu ali mtulo. Ena ankati ng'ombe yofa ija ikumalirabe m'khola, ena ankati fungo la chikopa chowauka likumawatsatira mpaka kumunda. Zilonda zinatuluka pa anthu asanu ndi awiri, pakhosi, pamanja, wina pachikope mpaka diso kutsekeka. Kenaka ana awiri a a Vitus anayamba kusanza magazi, mimba zili ndi madzi, ndipo anamwalira motsatizana. Enoki naye anasiya mapilisi n'kupita kwa sing'anga kutsidya, ku Zambia, sanabwereko wamoyo.

Pa maliro a Enoki m'pamene anthu anayamba kuwerenga makomo. Khomo lililonse linali ndi wodwala kupatula limodzi. Mantha ndi oipa, abale anga, amasandutsa anthu opemphera limodzi kukhala afisi. A Imelda, amene anabereketsa theka la mudziwo, anayamba kupatukiridwa panjira. Kumjigo amayi ankachotsa zidebe zawo akangowaona.

"Amayi, tiyeni mukakhale kwanga," anawadandaulira Tiyanjane.

"Ndikathawa ndiye kuti ndavomera. Manda a bambo ako ali pano."

Tiyanjane ananyamuka m'mawa kupita kuboma kukaitana alangizi a ziweto kuti adzafotokozere anthu. Mvula inagwa tsiku lonse, msewu n'kudukira pamlatho, ndipo anabwerako mawa lake masana. Anapeza pabwalo la amayi ake pali mapazi ambirimbiri m'matope, chigubu cha petulo chili pakhonde, chosatsegula. A Imelda anali khale pamphasa, korona ili m'manja.

"Chachitika n'chiyani pano?"

"Anabwera a Vitus ndi anthu. Amati ngati sindine mfiti, ndidye nyama yowamba ija pamaso pawo."

"Ndiye mwadya?"

"Amati ndikakana ayatsa nyumba, kenaka akutsata iwe kuchipatala. Ndadya yonse, mwanawe. Mulungu andikhululukira Lenti."

Tiyanjane anawagoneka, nawagwira pamphumi, thupi linali litayamba kale kutentha. Anawathamangitsira kuchipatala chachikulu, koma a Imelda anali okalamba, ndipo nyama inali yambiri. Tsiku lachitatu mimba inatupa n'kuuma ngati ng'oma. Tiyanjane ankaigogoda ndi zala monga anaphunzirira, n'kumamva madzi akuyenda m'katimo, akudziwa bwinobwino tanthauzo lake. Palibe chowawa ngati kudziwa. Tsiku lachisanu a Imelda anatsikira kuli chete.

Mudzi wonse unabwera kumaliro. Amayi omwe ankachotsa zidebe aja ndiwo ankalira mokweza kuposa onse. A Vitus anaima pamanda, chipewa chili m'manja, misozi ili mbwembwembwe.

"Tinawalakwira mayi athuwa. Kani sanali iwo," anatero. "Ndiye kuti mwini makala adakali pakati pathu."

Kenaka mayi wina ananong'oneza mnzake, osati motsitsa kwenikweni.

"Kodi uja anati tiikwirire ng'ombe isanasendedwe n'komwe, anadziwa bwanji?"

Tiyanjane anali atawerama, dothi loti aponye m'manda lili m'manja. Atadzutsa mutu anapeza anthu omwe anaima naye pafupi asuntha, ndipo maso onse anali pa iye.