Manda a Eni Pansi pa Nyanja Yamchere

Chala cha Tupochile Mwafulirwa chidayamba kutupa Lachiwiri, tsiku lomwe adaloza nacho sitima ina yomira pa sikirini. Padalibe bala, padalibenso chomwe chidamuluma. Chidangozizira ngati chagona m'madzi a m'firiji, kenako n'kufufuma pang'onopang'ono mpaka kukana kupindika.

Tupochile ankagwira ntchito ku bungwe lina ku Upper Hill mumzinda wa Nairobi, lofufuza zinthu zakale zomira m'nyanja. Nairobi ali kutali ndi nyanja, koma nyanjayo inkamupeza m'kompyuta. Amuna a m'boti ku Malindi, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchereyo, ankatsitsa kamera pa chingwe pamodzi ndi kachipangizo kojambula phokoso la m'madzi, n'kumutumizira zonse. Iye ankakhala m'kachipinda kopanda zenera, magetsi atazimitsa kuti aone bwino. Kunja dzuwa limatha kuswa mtengo, maminibasi otchedwa matatu akulizirana mahutala, koma m'kachipindamo munkakhala mdima wa pansi pa nyanja, mdima wosadziwa kuti kunja kumacha.

Mu mdimawo mudagona sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, yothyoka pakati, theka lake litamira m'matope. Nambala yake dzimbiri lidadya kalekale. Mapepala akale ankati m'dera limenelo, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, mudasowa sitima ziwiri zotere. Ina idali ya Angelezi, ya amuna 48. Ina idali ya Ajeremani, ya amuna 55, ndipo ambiri ankati imeneyi ndiyo idamiza inzakeyo isadamire nayonso. Ntchito ya Tupochile idali kunena kuti yapezekayo ndi iti, n'kusaina lipoti pofika Lachisanu.

Pomwe ankaloza sikirini, pambali pake padali a Vitus Chikopa, mkulu wa ku Ntcheu yemwe ankasunga mapepala akale a bungwelo. Mkuluyo adamugwira mkono.

"Achemwali, tsitsani chalacho," adanong'ona. "Amenewo ndi manda. Kwanu ku Karonga manda mumaloza?"

"A Vitus inunso, iyi ndi sikirini chabe."

"Sawa, ndi sikirini. Koma chilumeni chalacho, monga tinkachitira tili ana."

Tupochile adaseka n'kupitiriza ntchito. Munthu wa madigiri awiri alume chala mu ofesi? Madzulo akukwera matatu, adalephera kugwira chitsulo cha pakhomo.

Lachitatu adavala mahedifoni kuti amve phokoso lomwe a m'boti adajambula. Poyamba mudali zachizolowezi: kuwirira kwa madzi, kuthetheka kwa tinkhanu, chingwe chikulira motalikira. Kenako zonse zidangoti zii, ngati nyanja yagwira mpweya. Ndiye mudamveka, kho! Chitsulo kumenya chitsulo, kuchokera m'kati. Padapita kamphindi. Kho! Kugogodako kudalibe changu, kudalibenso mkwiyo. Kudali kwa anthu odziwa kudikira, aliyense akugogoda kamodzi n'kusiyira mnzake. Tupochile adazindikira kuti milomo yake ikuwerenga yokha, ndipo tsitsi lidamunyerenyetsa.

Adaimbira foni woyang'anira makina m'botimo. Iye adati ndi chitseko chabe chomwe madzi akukankha. Koma asadadule foni adatsitsa mawu, n'kunena kuti asodzi a kumeneko saponyapo ukonde pamalopo, ndipo anzake m'boti amayamba azimitsa sipika akamafika.

A Vitus adamvera nawo mpaka kumapeto. Adavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kuwaika patebulo.

"Mwawerenga?" adafunsa.

"55."

"Inenso. Chitseko chimadziwa masamu masiku ano?"

Bwana wawo, mayi Consolata, sadafune n'kumva komwe. Adati kugogoda si umboni, ndipo apo sadaname. Ungalembe bwanji m'lipoti kuti akufa andiuza okha? Umboni wooneka ndi maso udali wochepa. Utali wa sitimayo sunkayezeka chifukwa cha matope. Zitsulo za pamwamba pake zinkaoneka ngati za Ajeremani, koma zopindika motero zikadatha kukhala za aliyense. Mumtima mwake Tupochile adadziwa kuti ndi ya Ajeremani, ndipo adatsimikiza kulemba kuti akukayika.

Lachinayi kudabwera mlendo. Adali gogo wachizungu wa ku Mangalande, dzina lake Margaret, wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, woonda mpaka wotchi ikumuzungulira padzanja. Bambo ake adali m'sitima ya Angelezi ija, ndipo adasowa iye akadali m'mimba. Mayi Consolata adamulowetsa m'kachipinda kamdima kaja kuti aone yekha.

Gogoyo adayang'ana sikirini nthawi yaitali osaphethira. Kenako adatembenukira kwa Tupochile.

"Madokotala andiuza kuti Khirisimasi sindiiona," adatero mwakachetechete. "Ndauza ana anga kuti akanditentha, phulusa langa adzathire pamene pali bambo anga. Sadandinyamulepo ndi kamodzi komwe. Ndingogona pafupi nawo basi. Ndiuzeni, mwana wanga, ndi iwowo?"

Zotentha mtembo Tupochile sankazimvetsa, koma zogona pakati pa abale ankazidziwa bwino. Bambo ake omwe adamwalirira ku Joni, ndipo bokosi lawo lidayenda masiku anayi pa ngolo yokokedwa ndi galimoto mpaka ku Karonga, chifukwa munthu sagona m'manda a eni. Ankadziwanso lamulo lina la kwawo, lomwe palibe adamuphunzitsa pa bolodi: wodwala kwambiri samuuza zowawa. Umamuuza kuti lero mukuoneka bwino, ngakhale ukuona kuti akupita. Ndiye apa padaima munthu wamkulu, mlendo, wodwala, wabwera ulendo wonsewo ndi funso limodzi.

"Ndi iwowo, agogo," adatero.

Gogo Margaret adagwira dzanja lotupa lija ndi manja ake awiri n'kulira osatulutsa mawu. Ku ngodya, a Vitus adayang'ana pansi.

Tsikulo Tupochile adafika kunyumba kwake ku Umoja kukungoyamba kuda. Madzi adali atasiya masiku atatu apitawo, ndipo m'zigubu mudatsala a pansi. Panja ana ankathamangitsana, wogulitsa chimanga chootcha akukupiza makala, wailesi ya oyandikana nawo ikuimba nyimbo zauzimu. Adangokhala pampando kuti avule nsapato pomwe paipi ya m'bafa idalira. Kho! Adadziuza kuti madzi akubwera, chifukwa mapaipi amatero madzi akamabwera. Kho! Adakhala chomwecho, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja, mdima ukudzaza m'nyumba iye osatha kudzuka kukayatsa getsi. Adawerenga mpaka 55. Kenako mpope udadontha kadontho kamodzi kokha. Adakalandira pachikhatho n'kukalawa, ndipo kadali ka mchere.

Atafunsa mayi wa khomo lotsatira, mayiyo adangopukusa mutu. Adati paipi yake ili duu chiyambire Lolemba.

Lachisanu m'mawa a Vitus adamupeza akulimbana ndi bolopeni, chala chitakana kugwira. Adatseka chitseko.

"A Tupo, musasaine," adanong'ona. "Mwana wa eniyo mukumupereka kwa anthu amene adapha bambo ake."

"Ndamuuza kale, a Vitus. Ndibwerere ndikamuuze kuti ndinanama? Angafere pompo."

"Afere pachoonadi, ana ake akamuike kwawo."

"Akufa alibe nkhondo, bambo."

"Nanga akugogoderanji?"

Tupochile adasamutsira bolopeni kumanzere n'kusaina mokhotakhota, kuti sitimayo ndi ya Angelezi, mosakayika.

Chodabwitsa n'chakuti pofika Lamlungu chala chidaphwa. Mapaipi adakhala chete, madzi adabwera, okoma bwino. Tupochile adapita kutchalitchi n'kuyamika, ndipo adayamba kudziuza kuti adachita chifundo. A Vitus okha ndiwo sadakondwere. Adati munthu wogogoda akaleka, nthawi zina n'chifukwa chakuti wamva kuti mwayankha.

Gogo Margaret adamwalira mu Okutobala. Mu Novembala ana ake awiri adakwera boti ku Malindi, m'busa adawerenga mayina 48 a Angelezi, ndipo phulusa lidathiridwa m'madzi pamodzi ndi maluwa. Mwana wamkazi adalembera Tupochile kalata yomuthokoza, kunena kuti amayi ake adapita akumwetulira. Monga mwa ntchito yawo paulendo uliwonse, a m'boti adatsitsanso kamera ndi kojambula phokoso kaja, n'kutumiza zonse ku Upper Hill.

Tupochile adazengereza masiku awiri. Tsiku lachitatu masana adaitana a Vitus, n'kuzimitsa magetsi.

Madzi a miyezi imeneyo adali atakokolola matope mbali imodzi ya sitimayo. Pamalo pofukukapo padaoneka kachitsulo ka mkuwa, kokhomedwa pafupi ndi chitseko, mawu ake akuwerengeka bwinobwino. A Vitus adavala magalasi, adasendera pafupi, manja atawapinda kumbuyo. Sadafunike kunena kuti ndi Chijeremani.

"Madzi akatayika saoleka," adatero mkuluyo. "Nanga phulusa?"

Tupochile adavala mahedifoni. Madzi adawirira, tinkhanu tidathetheka, kenako zii uja adabwera. Kho! Kho! Modekha monga kale, mmodzimmodzi, ndipo iye adawerenga misozi ikutsika. Pa 55 kudakhala chete. Chete adatalika mpaka adayamba kupuma, n'kukweza dzanja kuti avule.

Pamenepo kudamveka kugogoda kwina. Sikudali kwa chitsulo, ndipo sikudali kodekha. Kudali kofooka, kofulumira, kwa kadzanja kopanda mnofu, monga agogodera munthu amene amutsekera m'nyumba ya anthu osawadziwa ndipo akufuna kutuluka. Sikudaime pa kamodzi ngati kwa enawo. Kudapitirira, kukulekeza pang'ono ngati mwini wake watopa, n'kuyambiranso.

"Pepani agogo," Tupochile adanong'ona. "Pepani, ndimati ndikukuchitirani chifundo."

Adavula mahedifoni n'kuwaponya patebulo. Adazimitsa kompyuta, adazula ndi chingwe chomwe kukhoma. A Vitus adayatsa getsi n'kumufunsa chomwe wamva, poti iwo m'chipindamo sankamva kanthu.

Tupochile adawayang'ana, chala chija chikuyambanso kuzizira. Iye ankakumvabe kugogoda kuja.