Mayina a M'laputopu ya Amayi

Kwathu kunali mtendere. Bambo ankakonza mafiriji, amayi anali phungu pachipatala, wolangiza anthu amene angowapeza ndi kachilombo. Zaka khumi ndi zinayi ali pantchitoyo, sanatchulepo dzina la wodwala ngakhale limodzi m'nyumba mwathu. Bambo ankawaseka kuti, "Amayi anuwa pakamwa pawo anakhoma loko. Ngakhale wodwalayo nditakhala ine, sangandiuze." Mayinawo ankakhala m'laputopu ya kuntchito, imene inkagona pamwamba pa wadirobu.

Ine, chitsirizira m'nyumbamo, ndinali kusekondale, koma mtima wonse unali pa gemu yowomberana ya pa intaneti, imene anthu otalikirana amasewera m'magulu. Kompyuta yathu yakale inkachedwa ngati nkhalamba pachitunda. Ndisanatembenuke n'komwe andiwombera kale, mpaka anzanga a m'gulu ananditcha Mtembo.

"Laputopu iyi usadzaikhudze," anatero amayi atandiona ndikuiponyera maso. "Muli miyoyo ya anthu umu, mwanawe. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Ndinamva ndi makutu okha. Mlungu womwewo ndinaima kumbuyo kwawo ngati ndikufuna chipeso, maso ali pa zala zawo, mpaka pasiwedi yotsegulira laputopuyo ndinailoweza. Lachitatu lililonse masana, amayi akangopita kukwaya, ine ndakwera kale pampando kuitsitsa.

Mtsogoleri wa gulu lathu tinkangomudziwa kuti Kapitao. Nkhope yake sindinaionepo, koma ankayankhula mokoma ngati mchimwene wako weniweni.

"Mlongo, luso uli nalo, ukungosowa maso," anandiuza. "Ndikutumizira kapulogalamu. Ukakalowetsa m'laputopu uziona adani ali kuseri kwa khoma."

Nditayamba kukalowetsa, laputopu inachenjeza ndi zilembo zofiira kuti m'kapulogalamumo muli vairasi yowononga kompyuta.

"Imeneyo ndi nsanje ya eni gemu," anaseka Kapitao. "Zimitsa choteteza laputopu kwa mphindi ziwiri zokha. Kapena dzina la Mtembo unalikonda?"

Ndinazimitsa. Tsiku limenelo ndinapambana kasanu motsatizana, ndipo ndinasangalala ngati ndakhoza mayeso. Sindinadziwe kuti khoma limene labooka ndi lathu.

Lachitatu lotsatira Kapitao ananditumizira chithunzi cha tsamba la mayina a odwala a m'laputopu ya amayi. Dzina lachitatu linali la amayi a pasaluni, oyandikana nafe, amene akhala akundiluka tsitsi kuyambira ndili kamwana.

"Jambula khadi la kubanki la bambo ako, kumaso ndi kumbuyo," analemba. "Likafika Loweruka usanatumize, mayina onsewa ndimwaza."

Ndinamuchonderera, ndinalira, ndinamutcha achimwene. Anangoyankha kuti, "Loweruka."

Apa m'pamene ndinachimwa kachiwiri, ndipo tchimo ili ndi limene limandipweteka koposa. Masiku ndinali nawo. Ndikanauza amayi, akanathamangira kuchipatala, anthu aja akanachenjezedwa. Koma ndinaopa mbama. Khadi sindinajambule, pakamwa sindinatsegule. Ndinangofufuta gemuyo, kubweza laputopu pawadirobu, n'kumapemphera kuti Kapitao aiwale.

Amayi anandigwira pachipumi. "Bwanji sukudya? Chavuta n'chiyani?"

"Mutu chabe, amayi."

Loweruka m'mawa foni ya amayi inayamba kulira osalekeza. Mayina onse anali atatumizidwa kwa aliyense amene amayi analemberanapo naye, ngati otumiza ndi amayi omwewo, ndipo anali akudumpha kale kuchoka pafoni ina kupita pa ina.

Chakumasana amayi a pasaluni anafika pakhomo ndi chikwama, mwana kumbuyo, mlomo utatupa.

"Bambo a mwanayu andithamangitsa," anatero motsitsa mawu. "Ndimati ndiwauze ndekha mwezi uno. Si inu nomwe mumandiphunzitsa mmene ndidzayambire? Munalumbira, aphungu, kuti sizidzatuluka m'kachipinda kaja."

Amayi anga anagwada pakhonde. "Sindikudziwa kuti zachitika bwanji, anzanga, koma laputopu inali m'manja mwanga. Mlanduwu ndi wanga."

Mtima unandikanika. Ndinagwa pamapazi awo n'kuulula zonse, pasiwedi, gemu, Kapitao, uthenga uja. Amayi anafunsa funso limodzi lokha.

"Unadziwa liti?"

"Lachitatu."

Mbama imene ndinkaiopa ija sinabwere, ndipo bola ikanabwera. Anangowerenga pazala, Lachinayi, Lachisanu, kenako n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri.

Ntchito ya amayi inatha mwezi womwewo. Kapitao sanapezeke, dzina lake m'gemu linangozimirira. Odwala ena analeka kukatenga mankhwala poopa maso a anthu. Amayi anayenda khomo ndi khomo kupepesa, ine ndili pambuyo pawo, ndipo makomo ambiri sanatitsegulire. Mulungu ndinamupempha chikhululukiro, amayi nawo anandikhululukira, koma madzi akatayika sawoleka. Mayina aja akadali m'mafoni a anthu.

Iwe mnzanga wokonda kusewera, ndikukuuza mosapsatira. Chimene makolo akuletsa usachikhudze. Munthu amene sunamuonepo akakuuza kuti uzimitse choteteza, dziwa kuti akufuna kulowa, ndipo adzatuluka ndi zinthu zimene si zako. Ukalakwa, ulula tsiku lomwelo, mbama imapola.

Amayi a pasaluni aja tsopano amagona pabalaza pathu ndi mwana wawo. M'mawa uliwonse ndimawapatsa moni, iwo n'kuyang'ana kumbali.