Thumba Logona Awiri ku Jomsborg

Nkhaniyi si yapamowa. Anandiuza ndi Rannveig mwini wake, mayi uja ankagulitsa nsomba zouma padoko la kumunsi kwa linga la Jomsborg, ndipo aliyense amene anagulako kwa iye akudziwa kuti mayiyo sankawonjezera kanthu, kaya pa muyezo kaya pa mawu. Kolbein, amene zinamugwera, anali mlongo wake wa bere limodzi. Zina Rannveig anaziona ndi maso ake, zina anazimva pakamwa pa Kolbein. Ine ndikaikumbukira sindichita mantha okha ayi, ndimapsanso mtima, chifukwa munthu uja anapita ndi kuuma mitu kwa amuna anzake.

Abale a m'linga muja anali ankhondo olembedwa ganyu ndi mafumu, ndipo malamulo awo ankawalemekeza kuposa amayi awo owabereka. Mkazi asalowe m'linga. Munthu asagone kunja kupitirira masiku atatu. Mawu a mantha asatuluke pakamwa pa wina aliyense, zivute zitani. Ndipo nkhani yochokera kunja, yabwino kapena yoipa, woilengeza ndi mtsogoleri yekha. Wophwanya limodzi la amenewa ankamutulutsa pachipata masanasana, wopanda chishango, anzake onse akumuona.

Kolbein ankagona thumba limodzi ndi mnzake dzina lake Vemund, monga amachitira anthu a m'ngalawa: zikopa zosokerera pamodzi, anthu awiri m'kati kuti azitenthetsana. Anagona chomwecho zaka zambiri, kunyanja ndi kumtunda komwe, mpaka Kolbein sankapeza tulo akapanda kumva mkonono wa mnzakeyo.

Chaka chimenecho, chisanu chitayamba kuluma, akubwerera ku ulendo, funde linamukokolola Vemund pa ngalawa. Anali atavala malaya ake achitsulo. Anamira ngati nkhwangwa yoguluka mpini, ngalawa yonse ikuona. Koma atafika kulinga anapeza mtsogoleri atapita kwa mfumu ina ya kutali kukapangana za nkhondo, zinthu atasiyira mkulu wina wotchedwa Skeggi. Choncho panalibe woyenera kulengeza za imfayo. Amuna onse aja anatsika m'ngalawa n'kukamwa phala lawo la barele ngati palibe chachitika.

Usiku wachitatu kunamveka kugogoda pachipata. Agalu sanauwe, anakabisala pansi pa bwato lovundikira. Mlonda anakweza muuni n'kuona nkhope imene ankaidziwa, yotupa, yotuwa, ndevu zili ndere zokhazokha.

"Ndani?" anafunsa mlondayo, ngakhale ankaona.

"Vemund. Sindinachedwe."

Ndiye mlonda akanatani? Kukana kutsegula n'kuvomera kuti waopa. Kunena kuti iwe unafa n'kulengeza nkhani. Anatsegula.

Chimene chinamudzutsa Kolbein ndi fungo, la matope a pansi pa nyanja losakanikirana ndi la chitsulo chadzimbiri. Kenako madzi akudontha, tho, tho, tho, kuyandikira. Moto wa pakati pa nyumba unafota. Wina anamasula chingwe cha thumba. Mwendo unalowa. Wina unatsatira. Msana wozizira ngati mwala wa mumtsinje unatsamira msana wake.

"Sunthako pang'ono," anatero Vemund. "Umadya malo iwe."

Kolbein anasuntha. Usiku wonse sanamve mkonono. Ngakhale kupuma sanakumve.

Kutacha, thumba linali chonyowa, munthu mulibe. Amuna a m'nyumba imeneyo onse anali ataona, maso awo ofiirawo ankachita kunena okha, koma wina anali kalikiliki kunola nkhwangwa, wina ankafunsa ngati mchere watsalako. Palibe anamuyang'ana Kolbein kumaso.

Zinapitirira usiku ndi usiku. Kolbein anayesa kugona pafupi ndi moto, Vemund anamupeza. Anakabisa thumbalo m'nyumba yosungira zingwe ndi phula, pakati pa usiku anadzidzimuka ali m'kati mwake, osadziwa kuti walowamo bwanji. Anayamba kutsokomola. Zala zakuphazi zinayamba kuda. Paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho anapita kwa Skeggi.

"Akulu, ndikupempha kuti mundisinthe pogona."

"Chavuta n'chiyani?"

"Mnzanga uja akunyowetsa thumba."

Skeggi, amene nayenso zikope zinali zitamulemera, anayang'ana kudenga. "Munthu wandevu ngati Vemund? Umuuze achepetse mowa."

"Akulu, inu mumagona nyumba yomweyo. Mphuno muli nayo."

"Ndili nayo. Ndiye ukufuna kundiuza nkhani, kapena ukufuna kundiuza kuti ukuopa? Sankha, Kolbein, ndakutchera khutu."

"Ndikungoti ndikuzizidwa."

"Tonse tikuzizidwa, ndi nyengo yake. Mtsogoleri akabwera adzanena chonena."

"Abwera liti?"

"Madzi oundanawa akasungunuka."

Taonani nzeru za amuna! Anthu oti ankadumphira m'ngalawa ya adani akuseka, mawu awiri okha akuti Vemund anafa anawalemera onse pakamwa. Aliyense ankadikira kuti mnzake ndiye ayambe kugwa m'mulandu, ndipo uku Kolbein ankatha ngati sopo. Mano ankangoguguda ngakhale ali pamoto.

Madzi atafika m'khosi, anapempha masiku ake atatu n'kutsikira kudoko kwa mlongo wake. Rannveig atamuona anagwetsa dengu la nsomba.

"Achimwene! Amakupatsani chakudya kumeneko? Mwauma kuposa malonda angawa!"

Kwa mlongo wake Kolbein anamasuka, poti kwa abale a m'linga chimene wamva mkazi sichinkawerengedwa kuti chanenedwa. Anafotokoza zonse, kuyambira funde mpaka mayankho a Skeggi. Rannveig anamvetsera manja ali m'chiuno.

"Ndiye mwafika. Simubwereranso. Akuchotseni ngati akufuna, dzina silidyedwa. Muzindithandiza kutumbula nsomba."

"Iwe sukudziwa. Munthu wochotsedwa ku Jomsborg ngakhale ana amamugenda."

"Miyala ya ana inapha ndani? Inu mukufa, simukudziona?"

Anakangana tsiku loyamba, anakangana lachiwiri. Koma usiku Kolbein ankagona pouma, pofunda, tulo tofa nato, ndipo chifuwa chinayamba kumasuka. Madzulo a tsiku lachitatu anakhala pakhomo nsapato zili m'manja, akuyang'ana linga pamtunda paja. Anayang'ana mpaka kunada. Kenako anaziika pansi.

"Ndikhala," anatero.

Rannveig ankati sanaonepo mwamuna akugwetsa misozi chifukwa choika nsapato pansi. Iye sanataye nthawi. Anapiringidza chitseko, n'kutsomeka mpeni wachitsulo pamwamba pake monga ankachitira amayi awo pakagwa maliro pamudzi.

Mphepo inaleka pakati pa usiku. Nyanja imene imamveka m'nyumba zonse za padoko inangoti zii. Rannveig anamva dontho likumugwera pamphumi. Anayang'ana kumwamba. Nsomba zake zouma, zimene anazipachika kudenga chisanu chisanayambe, zinkadontha madzi. Zonse. Lawi la nyali linagona chammbali. Fungo lija linalowa pansi pa chitseko.

Kugogoda kunali kwapansipansi, kwaulemu.

"Kolbein."

Rannveig anamugwira mkono mlongo wake.

"Kolbein, lero ndi usiku wachitatu, m'bale. Waiwala? Akuchotsa."

"Pita, Vemund," anayankha Kolbein. "Ine ndatuluka."

"Usachite nazo nthabwala. Ine ndinayenda pansi pa nyanja kuti ndisachedwe. Iwe n'kamtunda kokha aka."

Apa Rannveig zinamukwana. Anakuwa mawu aja amene linga lonse linalephera kuwatulutsa. "Iwe Vemund, unafa! Unamira anthu akuona! Bwerera kumene wachokera, umusiye mwana wa amayi anga!"

Kunja kunkangomveka madzi okha, tho, tho.

"Mlongo wako ndi wapakamwa, Kolbein. Mtsogoleri sananene zimenezo."

Kenako mawuwo anafewa.

"Ndikuzizidwa ndekha m'thumba muja, m'bale."

Akanamuopseza, mwina Kolbein akanalimba. Akanagwedeza chitseko, Kolbein akanatenga nkhwangwa. Koma chinthucho chinalankhula ngati munthu amene anagawana naye mkate wouma zaka zonse zija, ndipo Kolbein anawerama n'kuyamba kumanga nsapato.

"Achimwene, musatsegule."

"Ndingomuperekeza pachipata. Ndibwera."

"Achimwene, ndakugwirani mwendo!"

Anamuchotsa dzanja pang'onopang'ono, osamuyang'ana. Anachotsa mpiringidzo. Rannveig anangoona phewa lachitsulo chadzimbiri, ndi madzi akulowa pakhomo. Chitseko chinatsekeka. Anamvetsera mapazi akukwera mtunda: ena ouma, akuswa timadzi toundana pansi, ena onyowa, thapwa, thapwa. Asanafike ndi pakati pomwe, mapazi ouma aja sanamvekenso. Onse awiri ankamveka chimodzimodzi.

Kutangocha Rannveig anathamangira kuchipata.

"Mkazi salowa," anatero mlonda.

"Ndani wakuuza kuti ndikufuna kulowa m'khola lanulo? Ndikufunsa za mlongo wanga."

"Anabwera pa nthawi yake."

"Ali moyo?"

Mlondayo anayang'ana pamwamba pa mutu wake, milomo ili gwa. "Nkhani amalengeza ndi mtsogoleri, mayi."

Anamutukwana, anatukwana Skeggi, anatukwana linga lonse mwala ndi mwala. Ankabwera m'mawa uliwonse chisanu chonsecho, yankho linali lomwelo. Madzi atasungunuka mtsogoleri anabweradi, ali ndi nkhondo yatsopano m'manja. Sanalengeze maliro a munthu. Kaya palibe anamuuza, kaya anamuuza iye n'kusankha kukhala chete, Rannveig sanadziwe mpaka imfa yake.

Tsiku limene ngalawa zinkanyamuka, anakaima pamiyala ya pakamwa pa doko, pamene zimadutsa pafupi moti munthu amatha kuzindikira nkhope. Anayang'ana opalasa mmodzimmodzi, ngalawa ndi ngalawa. Nkhope ya Kolbein sanaione. M'ngalawa yomaliza, chapakati, panali mpando wopanda munthu. Koma nkhafi zake ziwiri, ya kumanja ndi ya kumanzere, zinkakwera ndi kutsika limodzi ndi zinzake, osaphonya. Amuna a kutsogolo ndi a kumbuyo kwa mpandowo anali ataumitsa makosi, aliyense maso ali pa msana wa mnzake.

"Achimwene!" anaitana Rannveig.

Nkhafi ya mbali yake inaima m'mwamba, madzi akudontha. Inaima kanthawi ndithu, mpaka wopalasa wa kumbuyo anatsala pang'ono kuigunda. Kenako inatsika, n'kupalasa.